Phazi la Apongozi

Lolemba, 8 Febuluwale 1960

Mvula kuyambira m'mawa. Wodi ya amuna yadzaza, malungo okhaokha, ena agona pansi pa mabedi a anzawo. Nsapato yanga yakumanzere yayasamulanso. Ndaimata ndi pulasitala wa chipatala, Sisita asaone.

Lero andipatsa wanga. Umu ndi m'mene zimayendera pa mishoni pano. Dokotala ndi mmodzi, amabwera Lachitatu lokha kuchokera ku Halale. Sisita ali ndi manja awiri basi. Ndiye ife a chaka chachiwiri, ophunzira ntchito yothandiza dokotala, aliyense amapatsidwa wa chaka choyamba kuti amuphunzitse zamanja. Kubaya jekeseni, kusoka bala, kumanga bandeji. Lamulo la Sisita ndi limodzi: ukanena kuti wakoyo wadziwa, iye n'kukalakwitsa, mumatuluka pageti nonse awiri. Ine anandiphunzitsa Lazalo, amene pano ali ndi kiliniki ku Tengwe, ndi njinga yomwe.

Wanga ndi Lemani. Wa pa pulazi ya fodya kuseri kwa Glendale, makolo a ku Ntcheu ngati anga. Wamtali, wofatsa mpaka kukwiyitsa. Wokwatira kale, mkazi ndi wapakati. Akamalankhula nane amavula chipewa ngati ndine mzungu wa pulazi. Ndamuuza kuti dzina langa ndi Mcloud, osati bwana. Wati, “Chabwino achimwene,” chipewa chikadali m'manja.

Lachinayi, 11 Febuluwale

Malalanje akugwa okha kuseri kwa tchalitchi, obiriwira, owawasa. Tatola ophunzirira kubaya. Lemani wawabaya mpaka atuluka misozi. Dzanja lake ndi labwino, silinjenjemera, koma amapepesa lalanje asanalibaye. Ndaseka mpaka kutsokomola.

Masana tinalowa m'chipinda chosungira mabulangete. Ndinavula kabudula ndekha. Mphunzitsi ayambe ndiye, Lazalo anatero. Ndinamuonetsa mtanda: tako uligawe panayi ndi chala, ubaye m'chigawo cha pamwamba chakunja, pafupi ndi fupa la chiuno. Pansi ayi, pakati ayi. M'menemo mumadutsa mtsempha waukulu wotsikira kuphazi, ukaulasa munthu amakoka mwendo moyo wake wonse. Ndipo wodwala akakuwa kuti moto watsika mwendo, zula pomwepo, usakankhe mankhwala. Ndinamubwerezetsa mpaka anatopa.

“Maso ako ndiwo amabaya, singano imangotsatira.” Mawu a Lazalo, koma ndinawanena ngati anga.

Anandibaya madzi owiritsa. Anayang'ana kudenga kaye, manyazi. Ndinati iwe, tako si dzuwa, silichititsa khungu. Kachiwiri anayang'ana. Sindinamve n'komwe singano.

Loweruka, 20 Febuluwale

Ndamuuza Sisita kuti Lemani wadziwa jekeseni. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, akuti msanga chonchi? Ndinati muyeseni. Anamupatsa wodi yonse. Palibe ndi mmodzi yemwe anatukwana, ngakhale mkulu uja wa pabedi la pakhomo amene amatukwana ndi Abambo ansembe omwe. Anzanga akadali pa malalanje ndi awo. Ndinayenda tsiku lonse ngati tambala, ndisaname.

Dalaivala wa lole ya mishoni wadzera kwathu ku Selous. Akuti bambo anga akutsokomola kwambiri, utsi wa m'mabalani owumitsira fodya, fodya ali pamoto ndipo sakugona kunyumba. Akuti akuuza komboni yonse kuti mwana wawo ndi dokotala. Ndawatumizira kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Sopo wanditheranso, mwezi ukadali kutali.

Chaka chikatha bwino, setifiketi. Ndikadzangoigwira, bambo sadzasonkhanso moto wa mzungu.

Lachiwiri, 23 Febuluwale

Tsiku la lole. Lachiwiri lililonse Sisita amatenga awiri mwa ife kuzungulira mapulazi. Lero ine ndi Lemani, ndipo tinafika pa pulazi ya kwawo kwa mkazi wake. Sisita anakhala pansi pa mtengo pafupi ndi sitolo, mzere wa ana wautali. Ife anatituma kukomboni kukaona amene sakudzuka.

Kanyumba ka kumapeto, ka udzu, kodontha. Mayi Ricardina, a ku Tete, amasiye, othyola fodya. Thupi moto, akusanza chilichonse, piritsi silikhala m'mimba. Pambali pawo mwana wawo Selestina, mimba patsogolo. Ndinathamanga kukauza Sisita. Anati kwinini wa jekeseni, abaye Lemani, ine ndiyang'anire.

Pobwerera ndinampeza Lemani ataima panja, kutali ndi khomo, chipewa m'manja. “Achimwene, awa ndi apongozi anga, Selestina ndiye mkazi wanga. Bayani ndinu, ndapota nanu.”

Ndinapsa mtima. Mwambo ndimaudziwa, sindinabadwe dzulo. Mkamwini akaona apongozi panjira amapatukira patchire, sadya nawo, sawayang'ana kumaso, nanji kumatako. Koma ndinati pa ntchito palibe apongozi, pali wodwala. Ndinati mawa akadzakuika wekha ku kiliniki ya kuthengo udzaitana yani, amako? Ndinalankhula mokweza, amayi a nyumba zoyandikana akumva, manja anga m'chiuno. Ndinamva kukoma polankhula.

Analowa. Ine sindinalowe. Ndinati amuna awiri m'kanyumba ka mayi wamasiye n'kuwonjeza, ndiime pakhomo. Ulemu wanga umenewo, ine wopanda mwambo pa ntchito.

Kenako mfuu. Osati ya singano, ya singano ndimaidziwa. “Moto! Moto m'mwendo, mayi ine!” Ndiye zii. Lemani anatuluka thukuta lili kamukamu, mankhwala onse atalowa.

Pa lole Sisita anafunsa ngati wabaya bwino. Ndinati inde Sisita, ndinaona ndi maso anga.

Lachitatu, 24 Febuluwale

Ndamupanikiza Lemani m'chipinda chowiritsira masingano. Wanena zonse.

Amayi aja anafunda nsalu kumutu, nkhope kukhoma. M'chiuno muli mikanda, ndipo mikanda ya apongozi mkamwini akaiona ndiye kuti dziko latha. Ndiye Selestina sanatsitse nsalu kuchokera pamwamba. Anaikweza kuchokera kumwendo, pang'ono chabe, poyambira tako. Lemani nkhope anatembenuzira kukhomo. Mtanda sanalembe, akanalemba ndi chala chiti? Selestina ndiye anamugwira dzanja n'kuika singano pamene panali poyera. Atamva mfuu anakankha mankhwala onse. “Ndimafuna nditulukemo msanga.”

Ndinamugwira pakhosi pa yunifolomu. Ndinamutcha mbuzi, chitsiru cha kumudzi, ndi zina zimene sindilemba. Sanadziteteze. Atandisiya ndithe mpweya anangoti, “Ndinakupemphani, achimwene.”

Ndinamusiya. Masingano anali atapserera m'poto, madzi anauma. Sisita wandikalipira chifukwa cha poto.

Mwina wangokhudza mtsempha. Mwina dzanzi la masiku ochepa. Ambuye, likhale dzanzi.

Lamulungu, 6 Malichi

Itatha Misa ndinabwereka njinga ya katekisiti. Matope mpaka m'mawondo. Lemani anakwera kumbuyo, ulendo wa kwa mayi Ricardina. Titafika anatsala kuseri kwa nyumba monga mwa nthawi zonse.

Malungo atha, kwinini anagwira ntchito yake. Phazi ndiye lagwa. Likulendewera ngati si lawo, akamayenda amanyamula bondo m'mwamba n'kuliponya. Ndinawabaya ndi phini pamwamba pa phazi, iwo akuyang'ana nkhuku panja. Sanadziwe kuti ndawabaya.

Foromani Saturday anadutsa ndi chikwapu chake cha mphira. Anasuzumira pakhomo. “Ambuya, murungu akuti hapana basa, hapana imba. Mgwazo ukapanda kutha tikiti sindidinda.” Ndiko kuti mzungu akuti wosagwira ntchito alibe nyumba, ndipo mgwazo, muyeso wa ntchito ya tsiku, ukapanda kutha palibe malipiro. Sananene mwankhanza. Ananena ngati akunena za mvula.

Ndinati amayi, tiyeni kuchipatala dokotala akakuoneni Lachitatu. Selestina anagwada, mimba yonse ija, akuti alamu musatiphe, akafunsa wabaya ndani tikayankha chiyani? Mayi Ricardina anamuletsa ndi dzanja. Analankhula pang'onopang'ono, Chinyanja chawo cha ku Tete, mawu akupita kukhoma kumene ankadziwa kuti mkamwini akumvera kunja.

“Mwendo wapita kale, mwanangu. Mukufuna setifiketi ipite pomwe? Ndiyo idzatichotse muno, ine na mwana uyu na ali m'mimbayo. Mwendo n'ngwangu. Ndaupereka.”

Ndinadula mphira wa chubu cha njinga, ndinamanga kuphazi n'kukolowetsa pansi pa bondo kuti phazi lisamakhwekhwere. Anayesa, anayenda mpaka pa mtondo. Anaseka, akuti mwandisandutsa legeni. Anatipatsa chimanga chootcha cha panjira. Changa ndinachitaya m'ngalande titangotuluka pageti.

Dokotala mwina akanachitapo kanthu, mwina ayi. Ndikudziuza kuti ayi. Ine ndi Lemani tili pa chingwe chimodzi, ndipo sindikufuna kubwerera ku mabalani. Ndalemba, ndi choncho.

Lachisanu, 18 Malichi

Masiku ambiri osalemba. Cholemba chinalipo, mtima ndi umene kunalibe.

Lemani tsopano ndiye katswiri wa jekeseni pa chipatala chonse. Odwala amamuitanitsa ndi dzina. Asanabaye amayang'ana, amalemba mtanda, amayang'ananso, mpaka munthu amafunsa ngati akufuna kugula. Anzake a chaka choyamba amamuzungulira madzulo kuti awaonetse, ndipo amaphunzitsa bwino kuposa ine, sakalipa. Koma waonda. Chakudya amapatsa ena. Chipewa sandivuliranso, ndipo ndikuchisowa, tsoka langa.

Wolakwitsa tsopano ndine. Dzulo ndinaphonya mtsempha wa pamkono kawiri pa mayi wonenepa. Sisita akuti ndikudwala? Ndinati chimfine.

Anthu a pa pulazi ija abwera ndi mwana wotupa maso. Akuti mayi Ricardina akukwawa m'mizere ndi maondo kuthyola masamba apansi, Selestina akamaliza mgwazo wake amakamaliza wa amake. Poso, chakudya chimene pulazi imapereka, awadula. Ndinafuna kutumiza shuga, m'thumba mphepo yokhayokha. Ndatumiza mchere wa kukhitchini, wakuba.

Sisita wandiyamikira pamaso pa onse kuti ndine mphunzitsi. Akuti chaka chamawa ndikadzatsala pano adzandipatsa atsopano onse. Anzanga anaomba m'manja. Lemani anaomba nawo.

Lolemba, 4 Epulo

Abwera nawo mayi Ricardina pa ngolo ya thalakitala, pamwamba pa nkhuni. Fungo linafika ngolo isanaime.

Mphira wanga uja. Wadya khungu pamwamba pa phazi mpaka nyama, iwo osamva kanthu, n'kumakwawa nawo m'matope. Sindinawauze kuti azimasula madzulo n'kuyang'ana. Lazalo sanandiphunzitse zimenezo, ndinangopeka ndekha, wanzeru ine. Chilonda chadzaza mafinya, mwendo watupa mpaka m'bondo.

Nyumba yapita. Selestina akuti fodya atangotha kuthyoledwa Saturday anabweretsa banja lina latsopano, katundu wawo anamuika panja. Selestinayo akugona pakhonde pa achibale a malemu bambo ake. Mwana akhoza kubadwa tsiku lililonse.

Ndinatsuka chilonda ndekha. Anandiyang'ana nthawi yonseyo, maso ouma. Ndikumanga bandeji anandinong'oneza, “Pakamwa, mwanangu.” Ndinagwedeza mutu.

Lemani wapempha kuti azigwira ku wodi ya amuna sabata ino. Sisita sadziwa za chibale chawo. Sanafunse, ndipo azungu safunsa zotere.

Lachitatu, 6 Epulo

Dokotala wabwera. Ataona phazi anadziwa pomwepo, anafunsa wabaya ndani. Sisita anati ophunzira ake anabaya kwinini pa pulazi ija mwezi wa Febuluwale, koma Mcloud anaona, zinali bwino. Mayi Ricardina analowerera asanafunsidwe, ine ndikumasulira. Akuti wa mishoni uja anali wabwino, anawachiritsa. Akuti patapita masiku kunabwera munthu wa njinga wogulitsa majekeseni a mphamvu m'makomboni, ndiye anawabaya, dzina salidziwa. Ananama bwino, osaphethira, mpaka mtundu wa malaya a munthuyo. Ine ndinasandutsa bodza lonselo Chingerezi, liwu ndi liwu.

Dokotala anafiira. Anaitanitsa ophunzira onse, tinazungulira bedi. Akuti onani zimene amachita manja osaphunzira. Analamula penisilini, nakwera galimoto yake.

Zikanathera pomwepo. Zinali zitatha, tinali titapulumuka tonse.

Koma Sisita anati poti mwasonkhana kale, phunziro lipitirire. Lemani, bwera kuno, aonetse anzako malo oyenera, pa mayi yemweyu, tako linalo. Anamupatsa mbale ya jekeseni.

Anabwera. Anaima kumapazi kwa bedi, mbale ili m'manja. Mayi Ricardina anakokera bulangete kumutu. Ndinaona dzanja lawo likutuluka pansi pa bulangete, likumasula nsalu m'chiuno. Okha. Kuchokera pamwamba, mikanda poyera, pamaso pa anyamata onse aja ndi mkamwini wawo. Anali atavomera ndi chimenechi chomwe.

Lemani milomo itayera, maso kudenga. Sindinathe kupirira. Sindinaganize n'komwe. Ndinamulanda mbale, ndinati ndibaya ndine, Sisita.

Akuti chifukwa? Ndinati dzanja lake silili bwino lero. Akuti dzanja lake ndi labwino kuposa lako, mpatse. Ndiye zinangotuluka. “Ndi apongozi ake, Sisita. Kwathu sizitheka, sangawayang'ane.”

Anyamata onse anati aaa, ena anatembenuka, amvetsa. Ndinabaya, pamalo pake, bwinobwino. Ndinawafunditsa.

Sisita anadikira mpaka nditatsuka m'manja. Analankhula motsitsa. “Ngati sangawayang'ane lero, tsiku lija anawabaya bwanji? Ndipo iwe unaona chiyani?”

Pansi pa bulangete mawu anatuluka, “Wa njinga, Sisita! Wa njinga!” Sisita sanacheuke. Ankayang'ana ine. Akuti mawa ikatha Misa, nonse awiri ku ofesi.

Lachinayi, 7 Epulo

Lemani wapinda yunifolomu yake, waiika pabedi, wavala malaya amene anabwera nawo. Sanandikalipire. Akuti, “Zikomo dzulo, achimwene.” Bola akananditukwana.

Ndayesa mabodza onse m'mutu, palibe loima. Nditati ndinabaya ndine, Lemani atsale? Sisita anandimva ndi makutu ake pa lole ndikunena kuti wabaya Lemani. Ndipo lamulo silisankha, ndi nonse awiri. Bambo ndikawauza chiyani? Komboni yonse ya ku Selous ikudikira dokotala.

Misa isanayambe ndinapita kukasintha bandeji, poti ntchito ndi ntchito. Kutupa kwatsika pang'ono, penisilini akugwira. Ndinawauza, ndimayesa asangalala. Selestina anali pansi pambali pa bedi, atatsamira khoma, sanandipatse moni.

Nditamanga mfundo yomaliza mayi Ricardina anandigwira mkono. Ali ndi mphamvu, manja a fodya.

“Tsiku lija mwana anakupemphani, munakana. Dzulo anakupemphani mbani? Ine ndinali nditavula kale. Manyazi anali anga, ndikanawasenza. Mwendo umodzi ananditengera mkamwini, ndinati palibe kanthu, ndiyendera setifiketi. Winawo mwatenga ndimwe. Tsopano ndiuzeni, adokotala, tikatuluka muno tilowere kuti?”

Ndinatola mbale ya thonje lakuda n'kutuluka. Sindinalowe m'tchalitchi. Ndakhala pano pabedi, akuimba Mwanawankhosa, ndiye kuti Misa yatsala pang'ono kutha. Nsapato yamatukanso, pulasitala sindingatengenso, si wanga. Lemani waima pakhomo, akuti tiyeni ku ofesi.